Mchere wa a Nangozo

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Joni ndinaipeza chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndinaperekeza mnzanga ku kiliniki ina ku Tembisa, ndiye ndinkamumasulira Chizulu. Sisita wa pamenepo anandikodola. "Iwe wolongolola iwe, kaitane azimayi akwanu, akungofera m'nyumba." Basi, anandipatsa yunifolomu ndi chikwama.

Ndinkayenda khomo ndi khomo kuuza amayi kuti akayezetse khansa ya khomo la chiberekero. Kuyezako n'kwachidule: sisita amatsegula njira ndi kachida konga mlomo wa bakha, n'kupalako pang'ono ndi kabulashi, n'kutumiza ku labu. Koma Amalawi anzanga, ee! Uyu akuti amachotsa chiberekero, uyo akuti akafunsa pasipoti.

A Nangozo anali mayi wa zidzukulu, ankakazinga mandasi kuseri kwa kagolosale, kuno amati sipaza. Nditawachezera anandipatsira mchere. "Tandithirireniko m'ndiwomu." Ulendo wina, chimodzimodzi. Mtima unangoti myuu! Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Nanga mayi woti anasiya kalekale, mwezi wake uti?

"Amayi, magaziwa ayamba liti?" ndinafunsa. Anangowerama, misozi mbwee.

Amuna awo, a Phiri, mlonda wa ku Wadeville, anatulukira kuchipinda. "Mkazi wanga sakavulira anthu achilendo. Mankhwala akubwera pa basi kuchokera kumudzi."

Ndinapsa mtima zedi. "Bambo, mukadikira basiyo idzabwerera itanyamula bokosi. Nditukwaneni mmene mungathere, awa ndikupita nawo lero."

Anandiponyera chikwama panja. Ndinachitola, n'kukhala pakhomo pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, anthu a m'yadi akuonerera. Mantha ndinali nawo, koma sindinasunthe. Kenako a Nangozo anatuluka okha atamanga chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kuwadutsa amuna awo osawayang'ana n'komwe.

Khansayo anaipeza isanafalikire, ndipo anawachita opaleshoni ku chipatala chachikulu.

Ndimamva kuti dziko lonse lapansi latsimikiza kuthetsa matendawa. Tidzawathetsadi, koma munthu wake ayambe wadzuka pampando. Ine mpaka lero ndikalowa m'nyumba ya Mmalawi, maso anga amakhala pa dzanja lothira mchere, ndipo kuthamangitsidwa sindikuopanso.

Atachira, a Nangozo anandiitanira nkhomaliro. Mchere anathira okha, dzanja lodzaza, a Phiri akuonerera ali pampando. Ndiwozo zinawawa mchere zosayamba. Ndinanyambita mbale, n'kupempha zina.