Mayendedwe a Amalume

Chitinicho chinali cha mkaka wa ufa, chopanda chivundikiro, chochita dzimbiri m'mphepete. Chinkakhala pazenera la kalasi yathu ku Pembamoyo, ndipo m'kati mwake munali tizidutswa ta katoni ya sopo. Pa kachidutswa kalikonse aphunzitsi analembapo liwu limodzi la Chingerezi. Ukapisamo dzanja, zala zinkatuluka zikununkhira sopo.

Inali nyengo yozizira, ine ndili giredi sikisi. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, mtedza uli pabwalo, miyendo yathu itatuwa ngati tagona paphulusa. Ndi nthawi imeneyo pamene amalume anabwera kuchokera ku Chipata ndi nkhani yawo. Akazi awo anali ndi khanda, ndipo pankafunika mtsikana wolilera. Anayang'ana lipoti langa, n'kuona kuti pa Chingerezi ndalakwanso, basi anagamula kuti mutu wanga si wa sukulu. Kwathu mawu a amalume pa ana a mlongo wawo sagwa pansi. Amayi anangoti mutu zyoli. Aphunzitsi ndi amene anachonderera kuti andisiye mpaka tsiku lotsekera teremu, amalume adzadzionere okha. Ndikadzalephera pamaso pawo, ndiye kuti sukulu yathera pomwepo, ndikwere nawo minibasi.

Kunena zoona, Chingerezi chinkandizunguza mutu. Ndikati ndagwira "walk", mawa lake aphunzitsi abwera ndi "stroll", "march", "limp", "stagger", "creep", onsewo akuti ndi kuyenda. Ndinkadzifunsa kuti kodi eni chilankhulochi ali ndi miyendo ingati. Lero ndimadziseka, chifukwa ifenso timati kutsimphina, kudzandira, kuguba, kunyang'ama, ndipo palibe mwana wa kumudzi amene amazisokoneza. Koma pa bolodi mawu onsewo ankangofanana ngati nyemba.

Luso ndinali nalo limodzi lokha, lomwenso linkandikwapulitsa: kutsanzira anthu. Akulu a mpingo, amayi ochokera kuchigayo, aliyense wodutsa pakhomo pathu, ine ndinali pambuyo pake. Amayi ankati, "Mwana iwe, mwano udzakupweteketsa." Tsiku lina aphunzitsi anandipezerera kuseri kwa kalasi ndikuyenda ngati iwo, manja kumbuyo, mutu wopendekeka. Anzanga anabalalika. Ine ndinauma gwa, kudikira mkwapulo. Iwo anangoti, "Tabwereza." Nditabwereza anati, "Kumeneko ndiye stroll. Munthu alibe kothamangira."

Kuyambira tsiku limenelo chitini chija chinayamba kutuluka panja. Aphunzitsi ankachikhutchumula, wina n'kutola liwu, ine n'kuliyenda pafumbi. Ukaipa dziwa nyimbo. Liwu lililonse ndinalipezera mwini wake m'mudzi. "Limp" anali mayi wina amene anabayidwa ndi chitsa kumunda wa thonje, "stagger" anali bambo wina wa pamowa. Apa m'pamene ndinaona kusiyana kwake: wotsimphina akudziwa kumene akupita, mwendo ndi umene ukupweteka, pamene wodzandira miyendo ili bwinobwino, chamusokonekera ndi njira. "Creep" anali galu wathu akamalowera kuchisa cha nkhuku.

Amene anandivuta anali "stride" ndi "strut". Aphunzitsi anati wa stride amaponya mwendo patali chifukwa akufuna kukafika, koma wa strut amafuna kuti inu mumuone. Atangotero, mwini wa liwulo ndinamudziwa. Anali amalume akamatsika minibasi: chifuwa patsogolo, phewa limodzi m'mwamba, makiyi akuzungulira pachala. Izi sindinauze munthu.

Tsiku lotsekera kunali chimphepo. Abambo anakhala pamabenchi, amayi pansi atafunda zitenje, amalume pampando pafupi ndi ahedi, nsapato zawo zili waliwali. Itafika nthawi ya giredi yathu, aphunzitsi anayenda ndi chitini pakati pa makolo kuti azitola okha. Ndinatsimphina, ndinadzandira, ndinaguba, ndipo liwu lililonse ndinkalimasulira ndikatha kuliyenda. Anthu ankaseka, ena akuloza amene ndikumutsanzira. Kenako aphunzitsi anaima pamaso pa amalume. Iwo anapisa dzanja, n'kuwerenga mokweza ndi mawu awo a m'tauni: "Strut."

Ndikanatha kungoponya miyendo patali, koma imeneyo ndi stride, ndipo aphunzitsi akanapukusa mutu amalume akuona. Kuliyenda molondola kunali kuyalutsa pagulu munthu amene tsogolo langa linali m'manja mwake. Ndinkaopa kwambiri, moti mpaka lero sindidziwa kumene mtsikana wotuwa uja anatenga mtima. Ndinatola kaudzu kouma, ndinakapinda ngati mphete n'kukaveka kuchala. Ndinatulutsa chifuwa, ndinakweza phewa, ndinadutsa bwalo lonse pang'onopang'ono ndikuzunguza kaudzu kaja.

Kenako mayi wina analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linaphulika nalo phwete. Ndinayang'ana amalume. Makiyi amene ankazungulira pachala chawo anaima, n'kulowa m'thumba mwakachetechete. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, anaseka mpaka kuvula chipewa n'kudzimenya nacho pabondo.

"Aphunzitsi," anatero atapuma, "uyu musiyeni konkuno aphunzire. Ndikapita naye ku Chipata akandiyalutsa tauni yonse."

Chimwemwe cha tsiku limenelo sindinachimvenso kwina, ngakhale pamene ndinkalandira satifiketi zanga zonse. Anzanga anandinyamula, nthungululu zinamveka mpaka kumjigo. Ndinali ndapambana, ndipo ndinkafuna kuti amayi andione ndili m'mwamba. Koma pamalo pamene anakhala panalibe munthu.

Ndinawapeza kuseri kwa kalasi, atakhala pamwala, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ndinakhumudwa kuti achoka anthu akundiombera m'manja. Patapita zaka zambiri m'pamene ndinadzamva kuti iwonso anaphunzirapo pasukulu yomweyo, ndipo anachotsedwa ali msinkhu wangawo kuti akalere mwana wa amalume awo. Panalibe amene anachonderera kuti awasiye ngakhale teremu imodzi.

Tsiku limenelo ndinangowafunsa chimene chawavuta. Anati ndi fumbi la chimphepo chija, ndipo ine ndinakhulupirira, n'kuthamangira kwa anzanga.