Njerwa pa Zenera la Aanti

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene tinkakhala ku Middlesbrough, ine ndi amayi, tikudikira mapepala otilola kukhazikika m'dzikomo. Kusukulu sindinkayankhula kwenikweni. Zimene pakamwa pankalephera ndinkazilemba m'kabuku kanga kobiriwira, m'Chichewa, kuti wina akakatola asamve kanthu.

Pakhomo loyang'anizana ndi lathu pankakhala mayi wa ku Sri Lanka, nayenso wodikira mapepala. Tinkawatchula kuti aanti. Anali achipembedzo cha Chibuda, ndipo pazenera lawo lakutsogolo panali kafano ka Buddha ndi kambale ka madzi kamene ankasintha m'mawa uliwonse. Amayi, munthu wosaphonya kutchalitchi, ankang'ung'udza kuti, "Zamafano izi," koma mpunga wa kokonati wa aantiwo sankaubweza. Mpaka lero ndimalikumbuka fungo la m'nyumba imeneyo, la zofukiza, adyo wokazinga ndi makoma achinyezi.

Mnzanga ndinali naye mmodzi, mtsikana wachizungu wa tsitsi lofiira. Ndi yekhayo amene ankakhala nane patebulo nthawi ya nkhomaliro, n'kumandigawira tchipisi zake osandifunsa kumene ndinachokera. Tsiku lina titaweruka, ndili pazenera la chipinda cham'mwamba, ndinamuona akudutsa ndi atsikana awiri akuluakulu. Ankamukankhiza uku akuseka. Iye anatola chibenthu cha njerwa n'kugenda zenera la aanti. Galasi linati phwaa, kafano kanagwa n'kuthyoka mkono.

Ndinalemba dzina la mnzangayo m'kabuku, kenako ndinalifufuta mpaka pepala linabooka.

M'mawa mwake kunabwera wapolisi wamkazi kudzafunsa anthu amumsewu wathu. Amayi asanatsegule chitseko anandinong'oneza kuti, "Iwe sunaone kanthu, wamva? Munthu wopanda mapepala saimira umboni." Mawuwa anandikomera, pakuti mantha a amayi ankatetezanso mnzanga.

Wapolisi atakhala pampando, ine ndinagwada pambali pake monga ndinaphunzitsidwira, maso pansi. Ndinati sindinaone munthu. Iye anandipempha kuti ndinenenso ndikumuyang'ana m'maso. Amayi anamuyankha mwaulemu kuti kwathu mwana woleredwa bwino sayang'anitsitsa wamkulu. Wapolisiyo anachita manyazi, anapepesa, n'kutseka buku lake. Motero mwambo wakwathu unafunditsa bodza langa.

Loweruka amayi anandituma kukabweza mbale ya aanti. Ndinawapeza aanti atatseka zenera ndi katoni, akumata mkono wa kafano ndi guluu.

"Ndikanamugwira, makutu ake akanatalika ngati a uyu," anatero m'Chingerezi chawo chothamanga, akuloza makutu aatali a Buddha.

Ndinafunsa chapansipansi ngati Buddha adzalanga amene anagendayo.

"Uyu? Walephera kusunga mkono wake womwe." Anaseka, kenako anandikhazika pansi n'kundithirira tiyi wa shuga wambiri.

Anandiuza kuti m'chikhulupiriro chawo mulibe woweruza wokhala kumwamba ndi ndodo. Chochita chilichonse chili ngati mbewu, ndipo chimamera mwa amene wachichita, apolisi amugwire kapena asamugwire. Chimene chimalemera kwambiri ndi chimene munthu ankafuna mumtima, n'chifukwa chake mwana wogenda poopa anzake sangafanane ndi wogenda chifukwa cha chidani, ngakhale galasi losweka ndi lomwelo. "Lamulo limeneli silifunsa mapepala," anatero. "Mfumukazi, iwe, ine, chimodzimodzi." Apolisi sankawanyoza. Ankati ntchito yawo yabwino ndi kuletsa njerwa yachiwiri, osati kumva kukoma pobwezera yoyamba.

"Nanga wonama?" ndinafunsa, ndikuyang'ana m'kapu.

"Ndinali kuseri kwa katani, mwana wanga. Ndinakuona pazenera lanu."

Misozi inagwera m'tiyi. Ndinati ndiwauza dzina la wogendayo.

"Dzina ndichita nalo chiyani? Silitseka mphepo. Amayi ako ali ndi mantha, ndipo mantha amenewo ndikuwadziwa. Koma mtsikanayo akuganiza kuti palibe amene anamuona. Akazolowera zimenezo, mkono wake upepuka, adzagendanso."

Sanandiuze chochita. Anandipatsa mbale ina yodzaza kuti ndikapatse amayi, ndipo ndinailandira ndi manja awiri.

Masiku atatu ndinkayeseza mawu anga m'kabuku, m'Chingerezi, koyamba m'moyo wa kabukuko. Lachitatu pa nkhomaliro ndinamuuza mnzangayo kuti ndinamuona, kuti apolisi sindinawauze, ndiponso kuti mayi amene anamuswera zenerayo akugona m'nyumba yolowa mphepo. Nkhope yake inafiira kuposa tsitsi lake. Anandinena kuti ndine kazitape, ananyamula thileyi yake ya chakudya n'kukakhala ndi atsikana akuluakulu aja.

Ndinadya ndekha mpaka sukulu inatsekera. Kawiri konse ndinamuona akudzera msewu wina wotalika, kupewa wathu, ndipo sindinadziwe ngati anali manyazi kapena mkwiyo. Chaka chotsatira aanti anasamutsidwira ku Liverpool, ife tinapita ku Sheffield. Mtsikanayo sitinayankhulanenso. Ndimamusowa mpaka pano, ndipo pa anthu onse a m'tauni imeneyo ndi iye amene ndikanakonda kudziwa kuti anakula bwanji.