Phokoso la njinga yanu sindichotsa

Achimwene, lero ndimakonza mawu a podikasiti yanga, pulogalamu ija ya pa intaneti ya anthu a kabaza, ndiye ndapeza zija tinajambula chaka chatha, inu muli ku Nsaru ine kuno ku tauni, tikuyankhulana pa intaneti. Munaima pamtunda paja pamagwira netiweki, njinga yamoto ikulira pambali panu. Ndinakukalipirani kuti, "Zimitsani chinjinga chanucho, chikuwononga mawu!" Inu munaseka n'kunena kuti, "Sitata inafa kalekale iyi. Ndikazimitsa ubwera kudzandikankha ndiwe, eti?" Ine ndinadula foni ndi mkwiyo.

Sipanathe mwezi, anthu awiri omwe munawanyamula kupita ku Kabudula anakukhapani ndi zikwanje m'mutu ndi m'manja, n'kukutayani m'munda wa fodya, chifukwa cha njinga yomweyo yopanda sitata. Mayi anakuzindikirani ndi jekete, poti nkhope inali itaphwanyika. Mpaka pano afiti amenewo akudya ndi kugona bwinobwino, ndipo ndikawaganiza ndimalakalaka nditawagwira pakhosi ndekha. Ndiye lero ndadina batani lochotsa phokoso, njinga ija yangoti zii, mawu anu n'kutsala okhaokha, ozizira ngati mukuyankhula muli kale m'bokosi. Ndavula mahedifoni n'kuwamenyetsa kukhoma. Kenako ndabweza zonse mmene zinalili, injini ikubangula, inu mukuseka. Omvera akafuna adandaule. Njinga imeneyi anakulandani kamodzi, achimwene, ine sindikulandani kachiwiri.