Munakana kujambulidwa, achimwene

Achimwene, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo ndatopa kuyankha anthu ofunsa kuti filimu yanu ya mbiri ya kanema idzatuluka liti. Ndikukumbuka tsiku lija ku Mauwa, mukujambula agogo aja amene kale ankaonetsa kanema pachinsalu pabwalo la sukulu. Ndinakupemphani kamera kuti nanunso ndikujambuleniko. Munangoseka n'kunena kuti, "Ine ndilipobe, chemwali. Tiyambe ndi okalambawa, nthawi yawathera."

Agogowo ndinakumana nawo dzana kuchigayo, adakali ndi mphamvu zawo, ndipo amakufunsani. Ndafufuza zonse zimene munajambula, koma nkhope yanu mulibe. Mumangomveka kuseri kwa kamera mukuti, "Pitirizani, bambo." Ndimangobwereza pomwepo mpaka foni kuzima.