Mzere Umene Anasimbi Anadumpha

Anasimbi ndi ine timasiyana khoma lokha. Iwo akatsokomola ine ndimamva, ine ndikakazinga anyezi iwo amayetsemula. Dzina limeneli tinawapatsa ndife apamdadada, chifukwa chibwerere m'nyumba zalendi zino ntchito yawo ndi imodzi, kuchapa ndi kusita zovala za anthu a m'maofesi. Simbi yawo ndi yamakala, yachikale, ndipo kutentha kwake amakudziwa pongoiyandikitsa kutsaya. Kolala imene yadutsa m'manja mwawo imaima ngati ili ndi fupa.

Sukulu anangoinunkhiza. Analowa kalasi yoyamba, mvula isanathe amayi awo anadwala, ndiye mwana wamkazi wamkulu anali ndani? Anabereka mng'ono wawo kumbuyo, kusukulu osabwererakonso. Anakula, anakwatiwa, anamera imvi, chilembo osadziwa ndi chimodzi chomwe.

Amuna awo ndiye anali ophunzira. Tinkawatcha Akalaliki, poti anagwira ukalaliki kukampani ina ya mabasi mpaka kupuma. Munthu wa taye ngakhale Loweruka, zolembera zili ndandanda m'thumba la shati. Sanali woipa, ndisawanamizire. Koma anali ndi matenda a anthu ena ophunzira, ofuna kuti nzeru za m'nyumba zizikhala m'mutu umodzi. Pamene sukulu ya akuluakulu inatsegulidwa kuseri kwa msika, Anasimbi anapempha kuti azipitako, ndipo yankho lake ndinalimva ndekha kudzera pakhoma.

"Ukatengeko chiyani kumeneko, mayi?" anatero Akalaliki. "Ukakhale padesiki ya ana ndi imvi zakozo? Maso ako ndine. Chilichonse cholembedwa bwera nacho kuno ndikuwerengere."

Ankawerengadi. Zapabotolo la mankhwala, zikwangwani za mumsewu, mauthenga a pafoni ochokera kwa mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa kutali. Zinthu zinkayenda. Koma paja chakudza sichiimba ng'oma.

Zinayamba ndi mawu osasa, tonse n'kumati ndi chimfine. Madokotala anapeza chotupa pakhosi. Anachichotsa, ndipo chinapita pamodzi ndi mawu onse. Akalaliki anatuluka m'chipatala ali ndi kabowo kopumira pakhosi, kophimbidwa ndi kansalu. Nesi anapatsa Anasimbi kabolodi ndi choko, nati, "Akafuna kanthu azilemba apa, mayi." Iwo analandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino. Atagoneka wodwalayo anabwera kudzakhala pansi pakhonde panga, kabolodi kali pamiyendo.

"Achemwali," anatero, "maso anga aja asiya kuyankhula."

Kuyambira tsiku limenelo pakamwa pa Akalaliki ndinali ine. Khoma likagogodwa ndinkasiya poto pamoto n'kuthamangirako. "Akuti pilo wakwera." "Akuti tiyi wachepa shuga." Tsiku lina ndinawerenga mokweza ndisanaganize: "Akuti mayi uyu achoke, amalongolola." Mayi wake ndinali ine. Anasimbi anaseka mpaka kugwira m'nthiti, ine ndinatuluka nditakwinya nkhope, madzulo ake ndinabwereranso.

Ndikachokapo panali njira ina, yochititsa chisoni kuiona. Akalaliki ankalemba uthenga pafoni kwa mwana wawo wakutali uja, mwanayo n'kuimbira amayi ake: "Amayi, ababa akuti muwatsegulire zenera." Mwamuna ndi mkazi ali m'chipinda chimodzi, mawondo akugundana, mawu akukazungulira kutsidya kwa mapiri. Mwanayo akakhala kuntchito, zenera linkakhala chitsekere.

Za zenera ndi shuga si zimene zinkawadya mtima Anasimbi. Masana ena anandigogodera mwamphamvu kuposa kale. Nditalowa ndinapeza Akalaliki atakumbatira kabolodi pachifuwa, misozi ikutsikira m'makutu. Atandiona anafufuta msangamsanga ndi mkono wa shati. Koma diso langa ndi lakuthwa, ndinali nditawerenga kale. Panali mawu amodzi okha: Ndikuopa. Sanali anga mawuwo, ndiye ndinangoti sindinaone. Anasimbi ananditsatira panja.

"Amalemba zina akakhala ndi ine ndekha," anatero. "Amandionetsa, amandiyang'ana, ine n'kumangoti kakasi ngati mbuzi yoonetsedwa nyuzipepala. Ndikati ndikakuitaneni, amafufuta. Munthu ndakhala naye chitsikana changa chonse mpaka ukalamba, lero akundiuza zakumtima kwake ine osamva. Achemwali, adzapita ndisanamve."

Akalaliki anayesa kukonza zimene anawononga. Analemba chilembo chachikulu pabolodi, n'kuyasama kuti achitchule. Munatuluka mpweya wokha, kansalu ka pakhosi n'kupepheruka. Mungaphunzitse bwanji munthu kulira kwa chilembo inu mulibe mawu? Anayesa kuloza kapu n'kulemba madzi, kuloza botolo n'kulemba mankhwala. Anasimbi analoweza mawuwo ngati zithunzi, koma onse awiri amayamba mofanana. Tsiku lina ululu utawagwira Akalaliki analemba mankhwala, Anasimbi n'kubweretsa madzi. Kapu inauluka n'kukasweka pakhoma langa lomweli.

M'mawa mwake Anasimbi anavala nsalu yawo yabwino napita kuseri kwa msika, osapempha chilolezo kwa munthu. Sukuluyo imachitika masana, ana akaweruka. Ndinawaperekeza tsiku loyamba. Anakhala padesiki ya ana, mawondo ali m'khosi, monga ananenera amuna awo muja. Mphunzitsi wake ndi mtsikana wodekha, ndipo amaphunzitsa mwa mizere, kalasi yonse ikuimba pamodzi: a e i o u, kenako ma me mi mo mu, mawa lake ka ke ki ko ku. Anasimbi anapirira sabata yoyamba, kenako anaimika mkono.

"Aphunzitsi, sitingathamangeko? Ine zoimba sindikuzifuna. Ndiphunzitseni kuwerenga zimene munthu walemba."

"Agogo, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ikudwala, mwanawe," anayankha. "Siidikira."

Sindinaonepo munthu akulimbana ndi zilembo chonchija. Ankaimba mizere akuchapa, akuyanika, akupemerera makala. Simbi ikamapita uku ndi "ta te ti," ikamabwerera "to tu." Anapsereza kolala ya bwana wina wa kubanki ali kalikiliki kuwerenga kansalu ka pakhosi pa shatiyo, bwanayo sanabweretsenso zovala. Anthu ena anatsatira. Anasimbi analibe nazo ntchito. Ankandiimitsa pampopi kuti ndiwafunse, ndowa ikusefukira.

Tsiku limene anawerenga mawu athunthu pabolodi la kusukulu anabwera akuthamanga ngati kamtsikana. Anapatsa amuna awo choko. Akalaliki analemba, iwo anayang'ana, nkhope n'kugwa. Munthu wa muofesi uja amalemba molumikiza, zilembo zogwirana manja, zamichira, zosafanana n'komwe ndi za aphunzitsi. Ndinachita kuwakalipira ndine. "Inu abambo, siyani zokongoletsazo, lembani ngati mwana!" Anandiyang'ana moipa, koma anamvera. Analemba chimodzichimodzi, ndipo Anasimbi, chala chili pabolodi, anatulutsa okha: "Wa... cho... ke... ra... ku... ti." Ndinaona Akalaliki akuseka opanda mawu, mapewa okha akugwedera. Sabata imeneyo khoma silinagogodwe kawirikawiri, ndipo zimene ankauzana sindikuzidziwa. Ndinasangalala kuchotsedwa ntchito.

Inali sabata imodzi yokhayo. Chotupa chija chinali chitabwerera, chitafalikira. Zilembo za Akalaliki zinayamba kupendama, kenako kukwerana, kenako kungokhala mizere ngati popalasa nkhuku. Anasimbi ankati vuto ndi iwo, n'kumawonjezera kuimba. Anabwera nako kabolodi kwa ine, nanenso ndinalephera. Pomalizira pake choko chinkangogwa m'zala, ndipo mutu womwe unaleka kugwedezeka. Anangotsala maso. Mayi uja anafika pakhomo la kuwerenga, pakhomopo n'kupeza wolemba watha manja. Zinandipweteka ngati ndine.

Masana a Lachinayi anandiitana kuti ndiwathandize kuwatembenuza. Titatha, Akalaliki anayang'anitsitsa akazi awo, milomo ikugwedera. Zinali zoonekeratu kuti pali chimene akufuna kunena. Anasimbi anafunsa za madzi, za pilo, za mwana, maso aja osasintha. Ndiye anagwada pambali pa bedi, naika chala chawo m'dzanja la amuna awo.

"Abambo, ndiziimba mizere ya kusukulu ija. Ndikafika pamene mukufuna, mundifinye."

Anayamba. Mzere ndi mzere, pang'onopang'ono. Pa "nda nde ndi" dzanja linafinya. Anasimbi anandicheukira, maso ali gwa. Anayambiranso pachiyambi. Pa "ka ke ki ko ku" linafinyanso.

"Ndi... ku," anatero. "Ndiku chiyani, abambo? Tiyeni."

Anaimba ba be bi bo bu. Anaimba cha che chi, da de di. Kenako ndinamva ali pa ga ge gi go gu. Ndinadikira pang'ono, ndikuganiza kuti aiwala.

"Mwadumpha mzere," ndinanong'ona. "Wa fa fe..."

Diso limene anandiponyera linanditseka pakamwa. Sanaiwale. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndi, ku, ndi fa zikakumana zimapanga chiyani, ndipo sanafune kuti mawu amenewo atuluke pakamwa pawo. Anapitirira mpaka za ze zi zo zu, dzanja lili zii. Anabwereza yonse, kudumphanso pomwepo. Thukuta linali litanyowetsa pilo, zikope za Akalaliki zikulemera.

"Atopa," anatero Anasimbi, akuwafunditsa. "Tipitiriza mawa."

Mawa lake Akalaliki sanatsegule maso. Anapumabe mpaka Lamlungu, dzanja lili lende, Anasimbi akuliimbira mizere yonse tsopano, wa fa womwe, mobwerezabwereza mpaka mawu kusasa. Silinafinyenso.

Maliro atatha, alendo atabalalika, ndinawapeza atayatsa makala m'simbi koma palibe chimene akusita. Ndinakhala nawo pamphasa. Ndinayamba zonena zathu zija, zoti anayesetsa, zoti anawasamala mpaka mapeto. Sanali kundimva.

"Achemwali," anatero, "mzere uja ndauimba ndekha lero. Fa fe fi fo fu. Kumapeto kwake kuli fu." Anandigwira mkono mpaka kundipweteka. "Ndi, ku, fu. Ndikufuna. Nanga ngati ankangofuna kanthu?"