A Yosiya akana wowavotera

A Yosiya Mbewe a ku Mbare, m'dziko la Ashona, anamera imvi asanavotepo. Anabadwira konkuno, bambo awo atachoka ku Dedza wapansi, koma chitupa chawo chinkati ndi mlendo, ndipo mlendo savota. Chitasinthidwa, anachionetsa ngakhale kwa kondakitala wa kombi amene sanawafunse n'komwe. Tsoka lake, chitupa chikubwera, maso akupita. Ng'ala inawaphimba mpaka munthu ankaoneka ngati thumba la makala loyenda.

Chaka cha chisankho, mpando wa khansala anaufuna Desmond Banda, mwana wa malemu mnzawo wa ku fakitale. Desmond ameneyu Chichewa chake chimatha pa "muli bwanji", ndipo amachivala ngati jekete la ukwati. Koma a Albert, tcheyamani wa sosaite ya maliro ya Amalawi, anagamula kale.

"Bambo Mbewe, atinyoza kuti mabhurandaya, alendo opanda kwawo, zaka zingati? Lero mwana wathu waima, mukufuna kuganizanso?"

A Yosiya ankaganizadi, ndi mphuno. Pakhomo pawo pankadutsa madzi a m'chimbudzi chaka chachitatu, ndipo munthu wosaona amawadziwa ataponda kale. Amene ankabwera ndi magambutsu ndi waya kudzatokosa paipiyo anali Marvellous Chikomo, nesi wopuma ntchito, Mshona weniweni, nayenso wofuna mpando womwewo. Desmond anadutsapo kamodzi, magalasi a galimoto atakweza.

Koma kodi Marvellous adzakuimbira nyimbo za Chichewa ukamwalira? A sosaite ndiwo amasambitsa, kunyamula ndi kuimba, ndipo a Yosiya ankaopa kuikidwa m'chinenero cha eni kuposa mmene ankaopera imfayo. Choipitsitsa n'chakuti munthu wosaona amalowa movotera ndi womuthandiza, n'kumuuza dzina pakamwa. A Albert anadzipereka msangamsanga, ngati ntchentche yamva utumbo.

"Ndikugwirani dzanja ndine, achimwene. Musavutike."

Kunyumba anafunsa akazi awo. "Febbie, sungandithandize iweyo?"

"Ine? Kuti a Albert akandifunse ndiwanamize? Mukundidziwa, bambo. Mawu sagona m'mimba mwanga."

Pamenepo sananame. Nkhani yonseyi tinaimva kwa iwo.

Ndiye nkhalamba inakumbukira luso lake. Zaka makumi atatu inkadula makatoni ku fakitale ya ku Southerton, ndipo pakati pa pepala inkapapeza ndi zala, osafuna rula.

"Akupikisana angati?"

"Atatu," anatero mayi Febbie. "Banda, Chikomo, ndi Zhou uja wa mabasi."

"Amawandandalika motsata zilembo. Ndiye Chikomo ali pakati. Basi!"

Sabata yathunthu a Yosiya anakhala pakhonde, fungo likuwakupiza, akupinda mapepala a kalendala yakale n'kuchonga pampindo. Tinkaganiza kuti mutu wayamba.

Tsiku lovota anavala suti ya ku tchalitchi. A Albert anawadikira pageti la sukulu, dzanja lili chitambasulire.

"Zikomo, a tcheyamani, lero ndikuona."

"Mukuona? Nanga mukulankhula ndi mtengowo bwanji? Ine ndili kuno."

"Ndati ndikuona!"

Analowa okha, akukwakwaza ndodo. Mapepala a pulezidenti ndi a phungu sanavutike nawo, mtima unali pa la khansala, limene anapempha kalaliki kuti awaikire pamwamba. Analipinda, anapapasa mpindo, anachonga mwamphamvu, n'kutuluka chala chili ndi inki, chifuwa patsogolo ngati tambala.

Pobwerera, mayi Febbie ali pambali pawo, anakumana ndi Antonio wometa tsitsi, amene anawagwira dzanja mwansangala.

"Mudhara, mwandikumbukira? Dzina langa linali pamwamba penipeni!"

A Yosiya anaima. "Pamwamba pa chiyani?"

"Papepala! Inenso ndaima, pandekha."

"Febbie! Unati atatu!"

"Aaa, nanga Antonio n'kumuwerenga? Ngakhale mkazi wake samuvotera."

Nkhalamba inawerenga ndi zala pomwepo pamsewu: Antonio, Banda, Chikomo, Zhou. Anayi. Pakati pa anayi palibe munthu, pali mzere, Banda pamwamba, Chikomo pansi. Kaya cholembera chinatsetserekera kuti, adziwa ndi Mulungu ndi amene anawerenga.

Lamlungu a sosaite anawaitanitsa. A Albert sanazungulire.

"Munakana dzanja langa. Tiuzeni pamaso pa anthu, munavotera mwana wathu kapena ayi?"

Akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. Koma a Yosiya anali atatopa.

"Ndinkafuna nesi uja. Mwana wanuyo abwere adzaponde zimene ndimaponda ine. Koma amene ndamuvotera sindikumudziwa."

Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola, a Albert okha ayi. Kuwachotsa m'sosaite sanawachotse, poti mlandu wake unasowa dzina. Anangowalanda mpando wakutsogolo umene anakhalapo zaka khumi ndi zisanu, n'kuwauza kuti za nyimbo pamaliro awo adzaona tsiku lomwelo.

Mpando wa khansala anatenga Zhou wa mabasi. Madzi aja akuyendabe. Marvellous amabwerabe ndi waya wake Loweruka, ndipo a Yosiya ayamba kumuphunzitsa nyimbo ziwiri za m'buku la Chichewa, kuchitira mwina. Mayiyo mawu ake ngati chitseko cha malata, ndipo akafika pakolasi a Yosiya amagwira mutu.

"Iyayi, mayi, bwerezani. Mukandiimbira chonchi ndidzadzuka."