Gitala ya Yesaya M'balani ya Fodya

Msika wa fodya wa 1956 uli pafupi kutsekedwa, mesenjala wa kuboma adafika pa Namitete atavala chisoti chake chofiira, nakwera pa dilamu lopanda kanthu, nalengeza izi: kuti boma, poganizira ubwino wa anthu ake, layitanitsa makina ojambulira mawu, kuti makinawo adzafika pa Namitete nthawi yoyenera ikadzakwana, kuti aliyense wodziwa kuyimba adzayimba, ndipo dzina lake lidzatchulidwa pa wayilesi mpaka ku Halale, kuti oyimbawo adzabwere atasamba, ndiponso kuti pa tsikulo mbuzi zisadzapezeke pafupi. Wina adafunsa kuti nthawi yoyenerayo ndi liti. Mesenjala adati funso limenelo boma lidaliganizira kale, natsika pa dilamu.

Ambiri adaseka n'kumapita. Yesaya sadaseke.

Yesaya kwawo kudali cha ku Kasiya, koma adakwatira Tisiyenji, wa m'mudzi wina kumadzulo kwa Namitete, ndipo monga mwa mwambo adakakhala kuchikamwini. Munda udali wa akuchikazi, nyumba idamangidwa pamalo a akuchikazi, ana nawonso adali a akuchikazi. Chake chenicheni idali balani ya fodya imene adamanga yekha kumapeto kwa munda. M'mudzimo dzina lake silinkagwira ntchito. Akulu ndi ana omwe ankangoti "akamwini a kwa Tisiyenji", ngati mmene timatchulira khasu ndi mwini wake. Tsono atamva kuti dzina la munthu likhoza kutuluka m'wayilesi yooneka ngati poto ija ya pasitolo, mudzi wonse uli tcheru, mtima wake udakhala pamenepo.

Kuyimba ankadziwa. Ali mnyamata adagwirapo ntchito pa famu ina ku Halale, ndipo kumeneko adaphunzira gitala ya mnzake. Yakeyake sadakhalepo nayo.

Ndalama ya fodya ya chaka chimenecho Tisiyenji adali ataitcha kale mayina: bulangete ndi chitseko chamatabwa. Yesaya adalowa nayo m'sitolo ya mmwenye wa pa Namitete, nadutsa mabulangete ngati sakuwadziwa.

Gitala zidalipo zitatu. Ina idali m'bokosi lagalasi, yodikira aphunzitsi ndi makalaliki, ndipo Yesaya adaiyang'ana mwaulemu basi. Ziwiri zotsalazo zidali zoti mlimi wa fodya n'kufikira. Wogulitsa m'sitolomo, Gideon, adazitsitsa zonse ziwiri.

Yoyamba idali yakuda, yolemera, ya matabwa okhuthala. Nsambo zake zidakoledwa pa kachitsulo komangidwa ndi misomali kumatako kwake. Yesaya ataikhwatcha idalira ngati munthu wachimfine akuyankhula m'mbiya. Yachiwiri idali yofiirira, yopepuka, yowala moti munthu n'kumetera ndevu, ndipo pamimba pake adajambulapo duwa. Nsambo zake zidakoledwa pa kamtengo kongomatidwa ndi guluu. Iyi ataikhwatcha, mayi wina amene ankasankha mchere adatembenuka.

"Achimwene, ndikuuzeni zoona," adatero Gideon. "Yakudayi ndi mkazi wakumunda. Muigwetse panjinga, muinyowetse, mawa idzadzuka. Yaduwayi ndi dona. Imafuna nyumba yamalata."

"Nanga pa wayilesi imveke bwino ndi iti?"

"Wayilesi yake iti?"

"Mesenjala uja simudamumve?"

"Ndidamumva. Ndi yemwe uja adatiuza za mlatho, eti?"

Yesaya adatembenukira ku gitala zija. Adatenganso yakuda, nayimba kanyimbo ka ku famu, nayiyika pansi. Adatenga yaduwa, nayimba komweko, ndipo anthu a pakhonde adasuzumira pakhomo. Adabwerezabwereza choncho mpaka dzuwa lidapendeka, mwini sitolo n'kuyamba kutsokomola kumene adakhala.

"Fodya ndi uyu ali pamphuno, achimwene," adatero Gideon. "Tengani yakudayi, mutsaleko ndi ya bulangete."

"Dzina langa lisatuluke ndi chimfine," adatero Yesaya, nanyamula yaduwa.

Kumudzi Tisiyenji adaiyang'ana gitalayo nthawi yaitali.

"Kodi imeneyi tizifunda mbali iti?" adafunsa.

"Mudzamva dzina langa pa wayilesi."

"Dzina lanu ndimalidziwa kale ine. Mphepo ya pakhomoyi ndiyo sikudziwani."

Nkhaniyo idafika kwa a Adamson, atsibweni a Tisiyenji, amenenso adali mkulu wa mpingo. Iwo sadakalipe. Adafotokoza modekha kuti gitala ndi katundu wa matchona ndi anthu a kumowa, kuti m'mudzi wawo nyimbo zilimo zokwanira m'buku la mapemphero, ndi kuti mkamwini wofuna kuyimba za ku famu ali ndi ufulu wonse wokayimbira ku Kasiya. Yesaya adawomba m'manja kuthokoza malangizowo, natenga gitala yake kupita nayo kubalani.

Kumeneko ndiko idakhala. Chilimwe chonse balani idali yopanda fodya, ndipo masana dzuwa likakula Yesaya ankalowamo, n'kutseka, n'kuyimba chapansipansi. Adapeka nyimbo imodzi yokha, ya munthu wolima munda wa eni. Ankaikonza tsiku ndi tsiku ngati nazale. Pa Loweruka ankapita pa Namitete kukafunsa za makina, ndipo ankauzidwa kuti nkhaniyo ili m'manja abwino.

Mvula idabwera, ndipo idali yambiri. Denga la balani lidayamba kudontha. Duwa lija lidachita nkhungu, nsambo zidachita dzimbiri, ndipo mawu a gitala adatsika mpaka adayamba kufanana ndi a yakuda ija. Yesaya adada nkhawa. Makina akadangofika mawa, akadayimba ndi chiyani?

Pano ndiyenera kumuteteza pang'ono, chifukwa sadachite mopusa. Aliyense kwathu kuno amadziwa kuti ng'oma ikazizidwa amaiwamba pamoto kuti iyankhule. Aliyense amadziwanso kuti mbewu, zikho ndi malichero zimasungidwa pautsi kuti anankafumbwe asazione. Utsi sudawonongepo kanthu ka munthu. Tsono fodya wake wa chikopa atakhwima, namupachika m'balani kuti aume ndi utsi, Yesaya adapachika gitala pakati pa masambawo, pamalo abwino, pamwamba penipeni pa dzenje la moto. Adasonkha zikuni zake, natseka chitseko, mtima uli m'malo.

Moto wa fodya sufulumira. Umanyeka pang'onopang'ono masiku ambiri, ndipo guluu wa kutsidya la nyanja sadapangidwire zimenezo. M'mawa wina Yesaya akuwonjezera nkhuni adamva kuti phwa! pamwamba pake, kenaka kulira kwa nsambo zonse pamodzi, kamodzi kokha. Kamtengo kaja kadamatuka n'kumalendewera. Mimba ya gitala idatupa, khosi lidapindika, ndipo duwa lidasanduka lakuda ngati pansi pa mphika.

Adayesa ulimbo wa mbalame, sudagwire. Adayesa misomali, thabwa lidang'aluka. Msika utatsegulidwa adainyamula m'thumba kupita nayo kwa Gideon, amene adainunkhiza kaye, naitembenuza uku ndi uku monga amachitira ogula fodya.

"Yauma bwino," adatero. "Mtundu wakenso ndi wabwino. Mukaiyike pasikelo, mwina ipeza giredi yapamwamba."

"Yakuda ija ilipo?"

"Idapita kalekale. Adagula munthu wa ku Nsaru, amaimangirira kumbuyo kwa njinga pamodzi ndi nkhuku. Ikuliratu mpaka lero, ndi chimfine chake chomwecho."

Chaka chimenecho ndalama ya fodya adakalandira ndi Tisiyenji, a Adamson ataima pambali. Bulangete lidagulidwa. Gitala yatsopano sidatchulidwe, ndipo Yesaya sadaitchule. Ana a m'mudzi adampatsa dzina pomaliza pake: ankamutcha "a Wambagitala", ndipo akulu ankawaletsa mosalimbika.

Gitalayo sidatayidwe. Tisiyenji adachotsa nsambo n'kumangira mpanda wa nkhuku, ndipo m'mimba mwake ankasungiramo mbewu za maungu. Adauza anzake kuti pa katundu yense amene amuna ake adagulapo, ameneyu yekha ndiye anankafumbwe samuyandikira.

Nthawi yoyenera idakwana mu 1958. Galimoto idaima pa Namitete, ndipo mudatsika mzungu, womasulira wake ndi mabokosi. Yesaya adapita atasamba, monga mwa lamulo, ali chimanjamanja. Adapempha womasulira kuti ayimbe ndi pakamwa pokha nyimbo yake ya munda wa eni. Womasulira adamuyang'ana, nati bwana ali ndi nthawi yochepa, koma popeza Yesaya ndi munthu wamkulu wooneka wodalirika, athandize kuthamangitsa mbuzi. Yesaya adathamangitsa mbuzi mpaka galimoto idanyamuka, ndipo palibe mbuzi idamveka.

Tsiku limenelo makina adajambula ana a sukulu akuyimba za ubwino wa mizere ya m'munda. Nyimboyo idatuluka pa wayilesi mwezi wotsatira, ndipo wolengeza adati oyimbawo ndi anthu a m'chigawo chapakati.